Seva ya Gemu Ikuyenda Kunyumba Koma Anzanu Sakulowa: Mmene Mungalondolere Vuto

Kuika seva ya gemu pa kompyuta ya kunyumba si ntchito yaikulu, ndipo achinyamata a m'mabanja athu kuno ku Harare, kaya ndi ku Mbare, ku Highfield, ku Mufakose kapena ku Dzivarasekwa, amatha kuimaliza madzulo amodzi. Cholinga chimakhala choti azisewera Minecraft, Terraria kapena Valheim ndi anzawo a kusukulu komanso asuweni awo amene ali ku Blantyre, ku Lilongwe kapena ku Johannesburg, popanda kulipira kampani ina mwezi ndi mwezi. Zinthu zimadzavuta pamene mwini seva akulowa bwinobwino koma aliyense amene ali kunja kwa nyumbayo akubwezedwa. Zikatero munthu amayamba kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi: wazimitsa firewall (chitetezo chotchinga mauthenga osaloledwa kulowa mu kompyuta), wayatsanso rauta, wachotsa gemu n'kuikanso, wasintha manambala amene sakuwadziwa ntchito yake. Ngakhale zitachitika mwamwayi kuti zayenda, iye sadziwa chimene chakonza, moti mawa lake magetsi akazima n'kubweranso amayambiranso poyambirira.

Ine ndikulangiza kuti mulondole njira imene uthenga wa wosewera umadutsa, kuyambira m'kati kupita kunja. Muyambe ndi kompyuta imene ili ndi seva, kenako netiweki ya m'nyumba, kenako rauta, ndipo pomaliza kampani imene imakupatsani intaneti. Pa malo aliwonse pali choyesera chake, ndipo musapitirire musanatsimikize kuti pamene mulipo pali bwino. Zitsanzo zanga ndi za Minecraft Java Edition pa Windows, popeza ndi imene ambiri amayambira, koma ndondomeko yake ndi yomweyo pa magemu ena. Chimene chimasintha kwenikweni ndi port, kutanthauza khomo la nambala limene seva imalandirirapo osewera, pamodzi ndi mtundu wake.

Yambani ndi uthenga umene mnzanu akuona

Mawu akuti "zikukanika" sathandiza. Mupempheni mnzanuyo ajambule sikirini yake n'kukutumizirani pa WhatsApp, chifukwa uthenga umene gemu yalemba umasonyeza kale mbali imene vuto lili. Ukakhala wakuti "Connection timed out", ndiye kuti pempho lake latuluka koma palibe chimene chamuyankha, ndipo kawirikawiri latsekeredwa ndi firewall, lathera pa rauta, kapena lapita ku adiresi yolakwika. Ukakhala wakuti "Connection refused", pali chipangizo chimene chalandira pempholo n'kulikana, zomwe nthawi zambiri zimatanthauza kuti seva sikuyenda kapena ikumvetsera pa port ina. "Unknown host" ndi dzina limene lalembedwa molakwika kapena limene silikulozanso kulikonse.

Palinso mauthenga ena amene ndi nkhani yabwino ngakhale akuoneka ngati kulephera. Mnzanu akauzidwa kuti gemu yake kapena seva yanu ndi yakale, kapena kuti dzina lake silili pa whitelist (mndandanda wa osewera ololedwa), dziwani kuti wafika pa seva yanu ndipo netiweki ilibe mlandu. Pamenepo musakhudze rauta n'komwe. Fananizani mtundu wa gemu, onetsetsani kuti nonse muli ndi ma mod (zowonjezera pa gemu) ofanana ngati mukuwagwiritsa ntchito, ndipo lembani dzina lake ndi lamulo la whitelist add. Onetsetsaninso kuti mnzanuyo sakuyesa kulowa ndi Minecraft ya pafoni, chifukwa imeneyo ndi Bedrock Edition ndipo siilowa pa seva wamba ya Java.

Pa kompyuta yeniyeniyo

Yang'anani windo limene seva ikulembamo zimene ikuchita. Seva ya Minecraft imene yadzuka bwino imalemba mzere wokhala ndi mawu akuti "Done" pamodzi ndi masekondi amene yatenga. Ngati windolo likutseguka n'kutsekeka nthawi yomweyo, tsegulani fayilo ya eula.txt muone ngati mwalembamo eula=true, kenako onani mtundu wa Java, pulogalamu imene imayendetsa sevayo, polemba java -version mu Command Prompt. Minecraft 1.18 inayamba kufuna Java 17, ndipo 1.20.5 inayamba kufuna Java 21, choncho kompyuta yakale imene idakali ndi Java 8 siingadzutse seva ya masiku ano.

Mukaona mawu akuti "FAILED TO BIND TO PORT", pali zifukwa ziwiri zimene zimabwera kawirikawiri. Mwina seva yoyamba idakayendabe mobisika ndipo mwadzutsa yachiwiri pa port yomweyo, ndiye tsegulani Task Manager mutseke Java yotsalayo. Mwinanso munalemba adiresi pa mzere wa server-ip mu fayilo ya server.properties. Mzere umenewu usiyeni wopanda kanthu. Ambiri amalembapo adiresi yawo ya pa intaneti poganiza kuti akuthandiza, koma kompyuta ilibe adiresi imeneyo, ili pa rauta, ndipo seva imalephera kuigwira.

Tsopano tsegulani gemu pa kompyuta yomweyo n'kulowa pogwiritsa ntchito adiresi ya 127.0.0.1 kapena dzina lakuti localhost. Zikatheka, lembani netstat -an | findstr 25565 mu Command Prompt (25565 ndi port ya Minecraft Java). Mzere umene mukufuna kuona ndi wokhala ndi 0.0.0.0:25565 ndi mawu akuti LISTENING kumapeto kwake, umene ukutanthauza kuti seva ikulandira aliyense wobwera. Ukakhala 127.0.0.1:25565, seva ikudzimvera yokha ndipo palibe chipangizo china chimene chingaifikire. Pa magemu amene amagwiritsa ntchito port ya mtundu wa UDP, osati wa TCP ngati Minecraft Java, mawu akuti LISTENING saoneka, koma nambala ya port iyenera kuoneka ndithu.

M'nyumba momwemo

Lembani ipconfig ndipo mukopere papepala manambala awiri: IPv4 Address, imene ndi adiresi ya kompyutayo m'nyumba, monga 192.168.1.20, ndi Default Gateway, imene ndi adiresi ya rauta. Adiresi ya kompyuta ikayamba ndi 169.254, ndiye kuti kompyuta sinalandire adiresi kuchokera ku rauta, ndiye yambani mwakonza waya kapena Wi-Fi. Kenako tengani laputopu ina imene ili pa netiweki yomweyo muyese kulowa pa seva ndi adiresi ya m'nyumbayo. Ngati pa laputopuyo palibe gemu, tsegulani PowerShell mulembe Test-NetConnection 192.168.1.20 -Port 25565, mutaika adiresi yanu m'malo mwa yachitsanzoyi, ndipo muyembekezere mzere wakuti TcpTestSucceeded : True. Musadalire ping (lamulo loyesera ngati chipangizo china chikuyankha) pa gawo lino, chifukwa Windows nthawi zambiri siyankha ping ngakhale zonse zili bwino, ndipo munthu amatha kutaya nthawi kufunafuna vuto limene kulibe.

Laputopu yachiwiri ikalephera, woyamba kumukayikira ndi firewall ya Windows. Tsiku limene munadzutsa seva koyamba panatuluka kabokosi kofunsa ngati Java iloledwe pa netiweki, ndipo ambiri amakatseka osawerenga. Komanso Windows imagawa manetiweki pawiri, Private ndi Public, ndipo chilolezo choperekedwa ku mbali imodzi sichigwira ku mbali inayo. Pitani ku Settings, Network & internet, musankhe netiweki ya kunyumba n'kuiika pa Private. Mukatero tsegulani Windows Defender Firewall with Advanced Security, musankhe Inbound Rules, New Rule, Port, TCP, mulembe 25565 n'kulola kulumikizana. Ndimakonda lamulo lotsata port kusiyana ndi lotsata pulogalamu, chifukwa mukaika Java yatsopano imakhala mu foda ina ndipo chilolezo chakale chimatsalira pa Java yakaleyo.

Kuzimitsa firewall kwa mphindi imodzi kuti muone ngati ndiyo ikutsekereza n'kololeka, koma muiyatsenso nthawi yomweyo mukapeza yankho. Ngati muli ndi antivayirasi ya kampani ina, kumbukirani kuti ina imabwera ndi firewall yakeyake imene imafunanso chilolezo. Onaninso kuti zipangizo ziwirizo sizili pa Wi-Fi ya alendo, popeza netiweki ya Guest imapangidwa dala kuti zipangizo zisaonane.

Musanatsegule port, onani adiresi ya rauta

Gawo ili ndi limene limadumphidwa kwambiri, ndipo kuno kwathu ndi limene lili ndi yankho nthawi zambiri. Tembenuzani rauta muone kapepala komatidwa pansi pake. Pamenepo pamalembedwa adiresi yolowera, imene imakhala monga 192.168.1.1, 192.168.0.1, 192.168.8.1 kapena 192.168.100.1, pamodzi ndi dzina ndi pasiwedi yake, imene ndi yosiyana ndi pasiwedi ya Wi-Fi. Ngati rautayo ndi ya makolo kapena ya eni nyumba, pemphani kaye. Kungonena kuti, "Bambo, ndimati ndilowe mu rauta ndione nambala imodzi, sindisintha pasiwedi ya Wi-Fi," kumapewetsa mkangano wa tsiku limene intaneti idzavute pa chifukwa china. Musadine kabatani ka Reset kobisika m'kabowo kumbuyo, chifukwa kamafufuta zonse zimene kampani inaikamo ndipo nyumba yonse ikhoza kukhala yopanda intaneti.

Mukalowa, funani tsamba lolembedwa Status, WAN kapena Internet, ndipo mukopere adiresi imene rauta yapatsidwa ndi kampani. Kenako, pa kompyuta imene VPN yake ndi yozimitsa, lembani what is my IP pa Google mufananize manambala awiriwo. Akafanana, muli ndi adiresi yanuyanu pa intaneti ndipo mukhoza kupitirira. Akasiyana, pakati pa rauta yanu ndi intaneti pali chipangizo china, ndipo muyenera kudziwa kuti chili kuti.

Taganizirani nyumba ya lendi ya ku Highfield imene ili ndi nambala imodzi pa geti koma m'kati muli mabanja angapo. Mlendo wochokera kutali amadziwa nambala ya pa geti yokha, ndipo kuti afike pa chitseko choyenera pafunika wina pa getipo womulozera. Rauta yanu ndiye getilo, ndipo port forwarding ndi malangizo amene mwasiya akuti aliyense wofunsa 25565 apite ku kompyuta yakutiyakuti. Koma ngati nyumbayo ili m'kati mwa mpanda wina waukulu umene kiyi wake ali ndi munthu wina, malangizo anu sathandiza, chifukwa mlendoyo safika n'komwe pa geti lanu.

Mpanda waukuluwo ndi umene umatchedwa CGNAT. Maadiresi a IPv4 alipo pafupifupi 4.3 biliyoni okha, ndipo nkhokwe yaikulu ya dziko lonse inatha mu 2011, choncho makampani ambiri amagawira makasitomala ochuluka adiresi imodzi ya pa intaneti. Mu 2012 panapatulidwa maadiresi oyambira 100.64.0.0 mpaka 100.127.255.255 kuti azigwira ntchito imeneyi. Adiresi ya WAN ya rauta yanu ikakhala m'gulu limeneli, muli kuseri kwa CGNAT mosakayikira. Makampani ena amagwiritsa ntchito maadiresi oyamba ndi 10 pa cholinga chomwecho. Intaneti ya simu khadi, kaya ndi ya pafoni, pa MiFi kapena pa rauta ya LTE, pafupifupi nthawi zonse imakhala yotere. Starlink, imene inayamba kugwira ntchito mu Zimbabwe mu September 2024, imagwiritsanso ntchito CGNAT pa mapulani wamba a panyumba, ndipo rauta yake ilibe ngakhale malo oikira port forwarding. Amene ali pa fibre kapena ADSL, monga ya TelOne kapena Liquid Home, asangoganiza kuti ali bwino kapena ayi. Ayese monga ndafotokozera, chifukwa zimatengera pulani imene akulipira.

Pali chinthu china chofanana ndi CGNAT koma chokonzeka pakhomo pomwepo. Nyumba zambiri za fibre zili ndi kabokosi ka kampani kamene waya wa fibre amalowamo, ndipo mwini nyumba anawonjezera rauta yake kuti Wi-Fi ifike zipinda zonse. Zipangizo zonse ziwiri zikamagawa maadiresi, rauta yachiwiri imaonetsa adiresi ya WAN yoyamba ndi 192.168, ndipo port imene mwatsegula pa iyo imathera pa kabokosi koyamba. Njira yosavuta ndi kuika rauta yachiwiri pa Access Point mode kuti ntchito yogawa maadiresi itsale ndi kabokosi ka kampani, kenako n'kutsegula port pa kabokosiko. Njira ina ndi kupempha kampani iike kabokosi kake pa bridge mode kuti rauta yanu ndiyo ilandire adiresi ya pa intaneti. Mulimonsemo, lowani mu kabokosi koyambako muonenso adiresi yake ya WAN, chifukwa n'zotheka kukhala ndi mavuto onse awiri.

Kutsegula port

Musanalembe lamulo la port forwarding, ikhazikitseni adiresi ya kompyuta ya seva kuti isamasinthe. Kuno ku Harare zimenezi si zongowonjezera. Magetsi a ZESA akazima n'kubwera, makamaka nyengo zimene madzi achepa ku Kariba ndipo kuzima kwachuluka, rauta imadzuka n'kuyamba kugawa maadiresi kwa amene wayamba kupempha. Mafoni a m'nyumba, amene anali ndi moto m'mabatire, amalumikizika msanga, ndipo kompyuta imene dzulo inali 192.168.1.20 lero ikhoza kukhala 192.168.1.23, pamene lamulo lanu likulozabe pa 20, imene tsopano ndi foni ya mayi. Seva imene imayenda dzulo n'kusiya lero popanda amene waikhudza, kawirikawiri vuto lake ndi limeneli. Mu rauta funani DHCP Reservation, Address Reservation kapena Static Lease, musankhe kompyutayo n'kuimangirira ku adiresi imodzi. Dziwani kuti waya ndi Wi-Fi ya kompyuta imodzi zimaoneka ngati zipangizo ziwiri, choncho mangirirani chimene seva ikugwiritsa ntchito.

Tsamba lotsegulira port lili ndi mayina osiyanasiyana malinga ndi rauta: Port Forwarding, Virtual Server, NAT Forwarding kapena Port Mapping. Zofunika kulemba ndi zomwezo. Port ya kunja ndi ya m'kati zikhale nambala imodzi, adiresi ya m'kati ikhale ya kompyuta ya seva, ndipo malo ofunsa adiresi ya wobwera kuchokera kunja muwasiye opanda kanthu. Samalani posankha pakati pa TCP ndi UDP, chifukwa kulakwitsa pamenepa kumaoneka ngati simunatsegule chilichonse. Minecraft Java imafuna TCP 25565, Minecraft Bedrock imafuna UDP 19132, Terraria imafuna TCP 7777, ndipo Valheim imafuna UDP 2456 ndi 2457. Mukasunga, onani ngati lamulolo lili ndi kabokosi ka Enable kofunika kuchonga.

Mudzamva ena akunena kuti ikani kompyuta pa DMZ zithe. Ine sindivomereza, chifukwa kutero ndi kutsegula maport onse a kompyuta imene mwina muli zithunzi za banja ndi mapepala a sukulu. Musatsegulenso port 3389 ya Remote Desktop kapena 25575 ya RCON (yolamulira seva muli patali), popeza pa intaneti pali makina amene amangoyendayenda usana ndi usiku kuyesa maport oterewa. Pa chifukwa chomwecho, seva ya Minecraft yotsegukira kunja ikhale ndi white-list=true ndi online-mode=true, apo ayi tsiku lina mudzapeza mlendo wagumula zimene munamanga.

Tsopano yesani kuchokera kunja kwenikweni. Kulemba adiresi yanu ya pa intaneti muli pa Wi-Fi ya m'nyumba momwemo si kuyesa kodalirika, chifukwa marauta ena salola uthenga kutuluka n'kubwereranso pa khomo lomwelo, ndipo mukhoza kulephera inu pamene anzanu akanalowa. Zimitsani Wi-Fi pafoni, yatsani data ya Econet kapena NetOne, pangani hotspot, lumikizani laputopu yachiwiri ija, ndipo yesani kulowa ndi adiresi ya pa intaneti ija. Data imene imapita poyesa ndi yochepa. Masamba a pa intaneti oyesera maport amathandizanso, koma seva iyenera kukhala ikuyenda pa nthawiyo, ndipo ambiri amayesa TCP yokha, moti pa Bedrock kapena Valheim akhoza kunena kuti port ndi yotseka pamene ili yotsegula.

Zikatheka, chatsala ndi chakuti adiresi ya pa intaneti nayonso ikhoza kusintha rauta ikazima, pokhapokha ngati mumalipira yokhazikika. M'malo motumiza manambala atsopano pa gulu la WhatsApp nthawi iliyonse, tengani dzina laulere ku DuckDNS kapena No-IP, ndipo muike kapulogalamu kake pa kompyuta kapena mudzaze tsamba la Dynamic DNS mu rauta kuti dzinalo lizitsatira adiresi yanu. Dzina laulere la No-IP limafuna kulitsimikizira masiku 30 aliwonse, ndipo mukaiwala anzanu adzayamba kuona "Unknown host". Dzina lotere silichotsa CGNAT. Limangothandiza amene ali kale ndi adiresi yawoyawo.

Mukapeza kuti muli kuseri kwa CGNAT

Siyani kulimbana ndi rauta, chifukwa palibe chimene mungasinthe mmenemo chimene chingathandize. Choyamba imbirani kampani yanu mufunse ngati amapereka public IP address pa pulani yanu ndiponso mtengo wake. Tchulani mawu amenewa ndendende ndipo nenani kuti adiresi ya WAN ya rauta yanu ikusiyana ndi imene ikuoneka pa intaneti, chifukwa mukangoti gemu sikuyenda adzakuuzani kuti muzimitse rauta n'kuyatsanso.

Ngati kulipira sikutheka, kwa gulu la anthu ochepa odziwana ndimaona kuti njira yabwino ndi Tailscale kapena ZeroTier. Mapulogalamu amenewa amalumikiza makompyuta anu ngati ali m'nyumba imodzi, ndipo popeza kulumikizanako kumayambira m'kati kupita kunja, safuna port yotsegula pa rauta. Aliyense amaika pulogalamuyo, mwini seva amamulola kulowa, ndipo osewera amalemba adiresi imene pulogalamuyo yapereka kwa kompyuta ya seva. Maadiresi a Tailscale amayambanso ndi 100, choncho musadabwe mukawaona. Ubwino wina ndi wakuti seva yanu sioneka kwa anthu achilendo. Kuipa kwake ndi kwakuti amene akusewera pa PlayStation kapena Xbox sangaike mapulogalamuwa, komanso lamulo la firewall lija liyenera kugwira pa netiweki yatsopanoyo, imene Windows ikhoza kuiika pa Public.

Pamene simukufuna kuti anzanu aike chilichonse, pali ntchito monga playit.gg, imene imakupatsani adiresi ya pa makina awo n'kumapititsa osewera ku kompyuta yanu. Imagwira ntchito kuseri kwa CGNAT, koma uthenga uliwonse umayamba wazungulira kumene kuli makina awo, ndiye yesani muone ngati kuchedwako mungakupirire. Valheim ili ndi njira yakeyake: seva ikadzutsidwa ndi crossplay imapereka nambala yolowera ndipo siifuna port forwarding. Gulu likakula, kapena osewera ambiri akakhala ku South Africa, kusonkherana ndalama n'kubwereka seva ku Johannesburg kumakhala kwanzeru kuposa zonsezi, chifukwa kumachotsanso nkhawa ya magetsi.

Akulowa koma akudukaduka

Ili ndi vuto lina, ndipo port forwarding ilibenso gawo. Yambani ndi windo la seva. Mukaona mzere wakuti "Can't keep up! Is the server overloaded?", kompyuta ndiyo ikulemedwa. Minecraft imayenera kuwerengera dziko lake ka 20 pa sekondi, ndipo laputopu imene ikuyendetsa seva, gemu ndi Chrome nthawi imodzi imatsalira. Tsitsani view-distance mu server.properties kuchoka pa 10 kufika pa 6, tsekani mapulogalamu ena, ndipo onetsetsani kuti laputopu ili pa chaja komanso siigona yokha ikakhala osakhudzidwa.

Seva ikakhala kuti sikudandaula, yesani netiweki m'zigawo ziwiri. Lembani ping -n 50 kutsatiridwa ndi adiresi ya rauta. Pa waya muyenera kuona 1ms kapena kucheperapo pa mzere uliwonse, popanda "Request timed out" ngakhale umodzi. Manambala akamadumphadumpha, vuto lili m'nyumba, ndipo mankhwala ake ndi waya wa netiweki wochoka pa rauta kufika pa kompyuta. Wi-Fi yodutsa makoma awiri a njerwa siyenera seva. Kenako lembani ping -n 50 8.8.8.8. Kukakhala kuti rauta ikuyankha bwino koma uku kukutayika mizere, vuto lili kunja kwa nyumba, ndipo pa fibre yang'anani ngati kanyali kolembedwa LOS kakuthwanima mofiira, chimene ndi chizindikiro chakuti kuwala kwa mu waya sikukufika.

Chimene seva ya panyumba imadalira kwambiri ndi liwiro lotumizira, osati lokopera limene makampani amalengeza. Pa ADSL liwiro lotumizira limathera pa megabiti imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo foni imodzi ikayamba kusunga mavidiyo ku Google Photos kapena wina akayamba kuimba foni ya vidiyo, osewera onse amaima malo amodzi. Yesani ping ija kawiri, koyamba mafoni onse atachotsedwa pa Wi-Fi, kachiwiri atabwerera, ndipo kusiyana kwake kudzakuuzani zoona. Rauta ikakhala ndi QoS (malo osankhira chipangizo choti chizipatsidwa mpata poyamba), ikani kompyuta ya seva patsogolo. Onaninso ngati bandulo ya mwezi sinathe kapena ngati liwiro silinatsitsidwe chifukwa chodutsa malire a pulani.

Mtunda nawo uli ndi gawo lake limene simungalichotse. Zimbabwe ndi Malawi onse sachita malire ndi nyanja yamchere, ndipo intaneti yawo imadutsa m'mayiko oyandikana nawo, choncho uthenga wochoka ku Blantyre kubwera ku Harare ukhoza kuyamba wazungulira ku Johannesburg. Msuweni wanuyo alembe tracert kutsatiridwa ndi adiresi yanu kuti aone kumene ukudutsa. Wachibale amene ali ku London adzakhala ndi ping yoposa 100ms ngakhale zonse zitakhala bwino, zimene pa Minecraft n'zopiririka koma pa magemu owomberana zimamveka.

Chomaliza kukonza ndi magetsi. Ka UPS kakang'ono ka 12V kamasunga rauta ndi kabokosi ka fibre kwa maola angapo, koma muonetsetse kuti zonse ziwiri zalumikizidwapo, chifukwa rauta yoyaka pamene kabokosi kazima imapereka Wi-Fi yopanda intaneti. Laputopu ili ndi batire lake, pamene kompyuta ya patebulo imafuna inverter kapena UPS yaikulu. Magetsi akazima seva ili pakati polemba mafayilo, dziko lonse la gemu likhoza kuwonongeka, choncho mukaona kuti batire latsala pang'ono lembani stop m'windo la seva ndipo mudikire imalize kusunga musanazimitse. Foda ya world muziikopera pa fulashi kamodzi pa sabata seva itaima, ndipo ngati mukufuna kuti kompyuta ya patebulo izidzuka yokha magetsi akabwera, lowani mu BIOS (tsamba la makonzedwe limene mumalowamo kompyuta ikangoyatsidwa) musinthe Restore on AC Power Loss kukhala Power On, kenako muike fayilo yodzutsira seva mu foda ya Startup ya Windows.